Akakukanani thandizo musachoke opanda pepala

Pawindo la ofesi akakuuzani kuti "dzina lanu silikupezeka" kapena "fayilo yanu idakali ku Lilongwe", musatembenuke msanga. Funsani udindo wa amene wakuyankhaniyo, mulembe tsiku, mulembenso mawu ake momwe wawayankhulira. Ife amene timathandiza anthu kulondola Mtukula Pakhomo, penshoni ndi chipepeso cha kuntchito kuno ku Mzuzu timakumana ndi vuto limodzimodzi chaka ndi chaka. Munthu wayenda maulendo asanu kuchokera ku Mchengautuba kapena ku Zolozolo, ya kabaza yamuthera, koma m'manja alibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti anadandaulapo. Akafika ku ofesi ya pamwamba funso loyamba limakhala lakuti, "Munakadandaula kwa ndani, ndipo liti?" Iye n'kuyankha kuti, "Kwa bambo ena aatali ovala magalasi." Nkhani imafera pomwepo.

Musanalembe kalata iliyonse dziwani kaye kuti ndalama mukufunayo ndi ya mtundu wanji, chifukwa makomo ake ndi osiyana. Pali ndalama imene lamulo limanena kuti ndi yanu: penshoni imene munkadulidwa pa malipiro, ndalama zotsala mukachotsedwa ntchito, chipepeso mukavulala pantchito. Imeneyi ndi ngongole, wokana kulipira mutha kumutengera kukhoti. Ndiye pali thandizo la mapulogalamu a boma monga Mtukula Pakhomo ndi feteleza wotsika mtengo. Apa umphawi wokha sukulowetsani, chifukwa malo ndi owerengeka pomwe osauka ndi ochuluka. Chimene muli nacho ndi ufulu woti akuunikeni mwachilungamo, motsata ndondomeko imene eni akewo anakhazikitsa. Ambiri amalemba kuti "ndine wosauka, ndithandizeni", kalata n'kungosungidwa. Akanalemba kuti "banja langa likukwaniritsa zoyenereza izi ndi izi, koma olemba mayina sanafike pakhomo panga", wina akanakakamizika kuyankha.

Ku ofesi iliyonse ya boma chida chanu ndi gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino. Gawoli limati chigamulo chokhudza ufulu kapena zofuna za munthu chiyenera kupangidwa motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndipo munthuyo apatsidwe zifukwa zake molembedwa. Gwiritsitsani mawu akuti molembedwa. Ofesi imene ikuyenera kulemba chifukwa chokukanirani imayamba yatsegula fayilo, ndipo nthawi zambiri potsegulapo ndi pamene cholakwika chimaonekera. Palinso lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga m'maofesi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti ikuyankheni mukapempha uthenga.

Mtukula Pakhomo ndi masamu ake

Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 anali atafika m'maboma onse 28. Sanapangidwire osauka onse. Amafuna mabanja osaukitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, ndipo kwa zaka zambiri malire akhala mabanja pafupifupi 10 pa 100 alionse. Kusowa wogwira ntchito kuli ndi masamu ake: pakhomo palibe munthu wathanzi wa zaka za pakati pa 19 ndi 64, kapena alipo koma mmodzi yekhayo akusamalira anthu oposa atatu omwe ndi ana, okalamba, odwala matenda okhalitsa kapena aulumali. Agogo a zaka 70 olera zidzukulu zinayi amalowa m'masamuwo. Bambo wa zaka 30 amene ali ndi mkazi wathanzi ndi ana awiri salowa, ngakhale agone ndi njala. Zimawawa, koma dandaulo lake silingapite patali. Zoyenerezazi zimasinthidwa nthawi zina, choncho ulendo uliwonse wolemba mayina funsani za ulendo umenewo.

Mayina amachokera m'kaundula wa boma wotchedwa UBR. Olemba amayenda ndi matabuleti kufunsa za denga, pansi pa nyumba, ziweto, kadyedwe, anthu a pakhomo ndi zaka zawo, kenako kompyuta imasanja mabanja kuyambira wosaukitsitsa. Apa ndi pamene anthu amadzipweteka okha osadziwa. Wina chifukwa cha manyazi amati amadya katatu patsiku. Wina amalembetsa mwana wake wa zaka 25 amene anapita ku Joni kalekale ndipo satumiza kanthu, kompyuta n'kuwerenga kuti pakhomo pali wamphamvu. Wina amaiwala mdzukulu amene tsikulo anali kusukulu, masamu aja n'kuperewera ndi munthu mmodzi. M'tauni muli zakenso. Wa lendi amakhala m'nyumba ya malata ndi simenti imene si yake, ndipo akapanda kunena kuti ndi ya lendi amaoneka ngati wopeza bwino. Wa lendi yemweyo amasamukasamuka: analembedwa ali ku Chibavi, mayina akutuluka ali ku Masasa, komwe atsogoleri a m'dera sakumudziwa.

Malire a khonsolo nawo amasokoneza. Amene ali cha ku Ekwendeni ndi midzi yozungulira mzinda ali pansi pa khonsolo ya M'mbelwa, pomwe wa ku Chiputula kapena ku Katawa ali pansi pa khonsolo ya mzinda wa Mzuzu. Mumzinda thandizo la ndalama lakhala likubwera la nyengo yochepa, monga lija la nthawi ya Covid-19 mu 2021, pomwe mabanja osankhidwa ku Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre ankalandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu. Anthu onsewa timangowatchula kuti Mtukula Pakhomo, koma ndi mapulogalamu osiyana, mindandanda yake yosiyana. Kulandira lija la 2021 sikutanthauza kuti dzina lanu linakhazikika penapake. M'kalata yanu tchulani pulogalamu yeniyeni ndi chaka chake.

Mayina akasankhidwa amawerengedwa pamsonkhano wa m'dera. Msonkhano umenewu musaujombe ngakhale kuli ganyu. Ndi nthawi yokhayo imene kudandaula sikulira ndalama ya ulendo, ndipo mndandanda umakhala usanatsekedwe. Ukatsekedwa, kulowetsa dzina kumadikira kuti wina atuluke kapena ulendo wina wolemba mayina, zomwe zimatenga zaka. Dandaulo limayambira ku komiti ya m'dera yoona za pulogalamuyo, kenako ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ya khonsolo yanu. A komiti ndi anthu ongodzipereka, ndipo ena amalandira dandaulo ndi pakamwa pokha. Pemphani kuti lilembedwe pa fomu kapena m'buku la madandaulo inu mukuona, ndipo lembani tsikulo m'kope lanu.

Dzina limodzi, anthu awiri

Madandaulo ochuluka kwambiri sachokera kwa okanidwa ayi. Amachokera kwa amene anasankhidwa bwinobwino koma ndalama sizikufika, ndipo gwero lake kawirikawiri ndi dzina. Kuno kumpoto dzina limodzi limalembedwa m'njira zingapo. Mayi amene dera lonse limawadziwa kuti NyaGondwe, pachiphaso cha unzika pali Gondwe basi, mwinanso dzina la amuna awo. Chirwa anamulemba Chilwa, Ng'oma anasanduka Ngoma, Mhango analembedwa M'hango. Kwa ife ndi munthu mmodzi, kwa kompyuta ndi anthu awiri. Chaka chobadwa nachonso chimavuta. Pa kalembera wa ziphaso wa 2017 okalamba ambiri anangoyerekeza chaka, pomwe kuntchito kapena kubanki anali atalembetsa china kale.

Tsatirani zimene zili pachiphaso, chilembo ndi chilembo. Tsiku lolembetsa gwirani chiphaso m'manja, wolembayo akopere pomwepo, kenako akuwerengereni zimene walemba. Ngati cholakwika chalowa kale, n'kwapafupi kukonzetsa mndandanda wa pulogalamu kusiyana ndi kusintha chiphaso ku NRB, ofesi yopereka ziphaso za unzika, komwe amafuna umboni monga kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya. Chiphaso chikatayika yambani kupolisi mukatenge lipoti musanapite ku NRB, ndipo lipotilo mulijambulitse fotokope, chifukwa lidzakuimirirani m'maofesi ena mukudikira chatsopano.

Simu ndi msampha wina. Kuyambira 2018 laini iliyonse imalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Ndalama zikamadzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, asanatumize amayerekeza dzina la pa laini ndi la pa mndandanda. Agogo amene anapereka nambala ya mdzukulu, kapena amene simu yawo anawalembetsera mnansi ndi chiphaso chake, amadumphidwa. Laini yokhalitsa osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa, nambala n'kudzapatsidwa munthu wina. Choncho simu ikhale ya m'dzina lanu, akaunti ya ndalama ikhale yotsegulidwa, ndipo muziika simuyo m'foni mwa apo ndi apo ngakhale foniyo ndi yobwereka. Akakuuzani kuti "ndalama zinatumizidwa", funsani nambala imene zinapitako ndi tsiku lake, kenako mupite ku shopu ya kampani ya foniyo ndi chiphaso mukapemphe sitetimenti ya laini yanu. Mapepala awiriwa akaikidwa pamodzi amaonetsa pamene ndalama zinasochera.

Wokuimbirani foni n'kumati ndi wa Mtukula Pakhomo, mutumize kaye ya fomu kapena mutchule pini, ameneyo ndi wakuba. Pulogalamu ya boma silipiritsa polembetsa ndipo siifunsa pini.

Wolandira akamwalira thandizo silifa naye, chifukwa linalembedwa pa banja. Ngati otsalawo akukwaniritsabe zoyenereza, pali fomu yosinthira dzina la wolandira. Kanenani imfayo msanga ku komiti, mutenge kalata ya mfumu kapena ya kuchipatala. Kumangolandira mobisa m'dzina la malemu kumabweretsa mlandu, ndipo zikadziwika ana amasiyewo ndi amene amaluza.

Za feteleza tingonena mwachidule. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020 thumba la makilogalamu 50 linali K4,495, kenako linafika K7,500, n'kudzafika K15,000 mu 2022, ndipo kugula kumadalira chiphaso. Wokuuzani kuti mumusiyire chiphaso akakugulireni, mukaneni. Mukapeza kuti chiphaso chanu "chinagula kale" inu musanagule, funsani depoti ndi tsiku zimene makina akuonetsa, mukanene kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu tsiku lomwelo, komanso kupolisi.

Kalembedwe ka kalata

Kalata yabwino imakwana tsamba limodzi. Pamwamba dzina lanu monga lilili pachiphaso, nambala ya chiphaso, dera, ndi nambala ya foni. Kenako zimene zinachitika motsata masiku: ndinalembedwa tsiku lakuti, ndinalandira komaliza mwezi wakuti, ndinadandaula kwa a udindo wakuti tsiku lakuti, anandiyankha zakuti. Pomaliza nenani chimene mukufuna, chimodzi chomveka, monga kubwezeretsedwa pa mndandanda ndi kupatsidwa ndalama za miyezi imene munadumphidwa, kapena kupatsidwa zifukwa molembedwa malinga ndi gawo 43 pasanathe masiku 14. Kutukwana ndi kutchula anthu kuti ndi akuba popanda umboni kumangopatsa ofesi nkhani ina yoti ikambe m'malo mwa yanu. Lembani m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ngati Chingerezi chikuvuta, chachikulu n'chakuti zimveke.

Konzani makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo chosonyeza tsiku lolandirira, ndipo imeneyo ndi yanu. Akakana kudinda, lembani pa kope yanuyo tsiku, nthawi ndi udindo wa amene walandira, mboni yanu isainire. Mapepala enieni monga kalata ya ntchito, chiphaso cha imfa kapena lipoti la dokotala musasiye pa ofesi. Aonetseni, musiye fotokope. Fayilo ikasowa ndi mapepala enieni mkati, mumayambira pansi penipeni.

Ndalama za kuntchito

Lamulo la penshoni la 2011, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2023, limati olemba ntchito azisonkha osachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti, ndipo ndalamazo zitumizidwe ku kampani yosunga penshoni pasanathe masiku 14 mwezi ukatha. Chovuta chofala n'chakuti pa pepala la malipiro akudula, koma ku kampaniko sizikufika. Munthu amazindikira izi atachoka ntchito, abwana atatseka kale bizinesi. Pemphani sitetimenti ya penshoni chaka chilichonse mudakali pantchito, muiyerekeze ndi mapepala a malipiro mwezi ndi mwezi. Mwezi umene wadulidwa koma sukuoneka pa sitetimenti ndi umboni wanu. Dandaulo lotere limapita kwa woyang'anira mabungwe a zachuma, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank, ndipo bankiyi ili ndi nthambi kuno ku Mzuzu.

Lamulo la 2023 linachepetsa nthawi yodikira kwa wochoka ntchito amene sanapeze ina, kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 3. Musayembekezere thumba lonse. Musanafike msinkhu wopuma, chimene mumatapa kawirikawiri ndi mbali imene munkasonkha inuyo ndi phindu lake, ya abwana imadikira. Ambiri amaona ngati aberedwa pamenepa, pomwe ndi mmene lamulo lilili. Fomu yotchula odzalandira mukamwalira muziikonzanso mukakwatira, ukwati ukatha kapena mwana akabadwa, chifukwa fomu yakale ndi imene imayambanitsa mabanja pa maliro. Amasiye adziwenso kuti lamulo limakakamiza olemba ntchito kukhala ndi inshulansi ya moyo wa wantchito yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Imeneyi ndi yapadera, si penshoni, ndipo mabanja ambiri saifunsa.

Kwa ogwira ntchito m'boma fayilo imadutsa m'maofesi angapo ku Lilongwe, ndipo imaima pakasowa pepala limodzi: kalata yolembedwera ntchito imene ambiri amaidziwa kuti PSR 19, kalata yokhazikitsidwa pantchito, kapena ya kukwezedwa. Aphunzitsi ndi azaumoyo amene anasamutsidwa kambirimbiri ndi amene zimawavuta kwambiri. Sonkhanitsani makope a makalatawa kudakali chaka kuti mupume.

Mukachotsedwa ntchito, malipiro onse otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7. Ndalama ya severance, yolipiridwa malinga ndi zaka zimene mwagwira ntchito, si ya aliyense wochoka ntchito. Imaperekedwa kwa amene wagwira chaka kapena kuposa ndipo wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, kapena wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha sailandira. Kawerengedwe kake n'kotere: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, masabata 3 pa chaka kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka kuyambira cha 11. Amene wagwira zaka 12 ali ndi masabata 10, kuphatikiza 15, kuphatikiza 8, onse pamodzi 33. Ngati pa sabata amalandira K40,000, ndiye kuti ndi K1,320,000. Werengani nokha musanasaine pepala lonena kuti mwalandira zonse, chifukwa siginecha imeneyo adzakuonetsani kutsogolo.

Amati mlandu suola, koma ya m'maofesiyi imaola. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi 3 yokha yokadandaula ku Leba. A Leba akalephera kuyanjanitsa pakatha mwezi, nkhani ingathe kupita ku khoti la za ntchito, lomwe lili ndi ofesi kuno ku Mzuzu. Wovulala pantchito adziwitse abwana msangamsanga, makamaka asanasiye ntchitoyo, ndipo pempho la chipepeso liperekedwe pasanathe miyezi 12. Kuchipatala nenani momveka kuti mwavulala muli pantchito, zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala tsiku loyamba lomwelo. Kukula kwa chipepeso kumadalira peresenti ya kulumala imene dokotala walemba, ndiye musathamangire kulandira "ya sopo" kwa abwana bala lisanapole ndi kuunikidwa. Kupempha khoti lalikulu kuti liunikenso chigamulo cha ofesi ya boma nakonso kuli ndi malire a miyezi 3. Mawu akuti "mubwere mwezi wa mawa" akabwerezedwa katatu, nthawi yanu yatha inu mukuti mukudekha.

Khomo loyenera

Ofesi ya Ombudsman ili ndi nthambi ku Mzuzu ndipo silipiritsa. Imaona za kusalungama m'maofesi a boma ndi m'mabungwe a boma: kuchedwetsa fayilo, kukana osapereka chifukwa, kukondera. Nkhani ya kampani ya munthu wamba si ya kumeneko, imeneyo ndi ya ku Leba ndi kukhoti. Kwa Ombudsman adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku ofesi imene yakulakwiraniyo, ndipo apa ndi pamene kope ya chidindo ija imagwira ntchito. Nkhani kumeneko zimatenga nthawi chifukwa madandaulo ndi ambiri, choncho tengani nambala ya fayilo yanu ndipo muziitchula nthawi zonse pofunsa.

Amene akufunika loya koma alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau, komwe amayamba aunika kapezedwe kanu ndi mphamvu ya mlandu wanu. Wina akakupemphani ndalama kuti dzina lilowe kapena fayilo iyende, kapena akamadula gawo pa ndalama zanu tsiku lolandira, imeneyo ndi nkhani ya bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, lomwenso lili ndi ofesi mumzinda muno. Sungani uthenga wa pafoni ngati munatumiza kudzera pa foni, muli dzina ndi nambala ya wolandira. Khansala ndi phungu atha kukankhira nkhani, ndipo nthawi zina zimathandiza, koma sasintha mndandanda ndipo kupita kwa iwo sikuimitsa masiku aja kuwerengeka.

Ngati wodandaulayo ndi wokalamba kapena wodwala amene sangathe kuyenda, wachibale angathe kumuimirira, koma osangopita chimanjamanja n'kumati "ndi amayi anga". Lembani kalata yachidule yonena kuti akukupatsani mphamvu yolondola nkhani yakuti, asaine kapena adinde chala pamaso pa mboni, mfumu kapena mtsogoleri wa m'dera atsimikize ndi chidindo. Tengani fotokope ya ziphaso zonse ziwiri, chawo ndi chanu, ndipo ngati chifukwa ndi matenda muphatikizepo tsamba la buku la kuchipatala losonyeza zimenezo. Pa nkhani ya kulandira ndalama kumene, pemphani kuti dzina lanu lilembedwe m'fayilo ngati wolandira m'malo mwawo tsiku lolandira lisanafike, chifukwa kalata yobwera nayo pamzere tsiku lomwelo ambiri saivomera.